Dzira Katatu pa Tsiku

Akazi awo a Injiniya ananena kamodzi kokha, osabwereza: vani yokalambayo ikadzangowiranso, adzaigulula matayala n'kuisandutsa khola la nkhuku zawo. Ndiye m'mawa umenewu itatsokomola n'kufera pageti penipeni, nthunzi ili tolotolo pansi pa mpando, Injiniya, amene kusukulu ya zamakina sanapondeko ndipo dzinalo anadzipatsa okha, anatembenukira mlamu wawo, mchimwene wa akazi awowo, bambo wopuma pantchito yopereka mankhwala pawindo la chipatala, amene anasunga vaniyo milungu iwiri iwo atagona ndi msana.

"Alamu, galimoto yangayi mwaitani?"

"Ndaisamala."

"Mwaisamala! Nanga fungo ili ngati mwafera khoswe?"

"Mankhwala sanunkhira, alamu."

Injiniya anadikira kuti injini izizire, anatsegula chivindikiro cha rediyeta, n'kupisamo waya. Wayayo anatuluka ndi chinthu chotuwa, chonjenjemera.

"Ichi n'chiyani?"

Mlamu anavala magalasi. "Limeneli likuoneka ngati la Lachiwiri."

"La Lachiwiri chiyani?"

"Dzira."

"Kodi ine ndinakuuzani chiyani?"

"Munati rediyeta ikudontha, makaniko ndi mbava, mankhwala ake ndi dzira laliwisi. Ukaswera m'madzi otentha limapsa n'kukatseka pabowo."

"Eya! Nzeru zimenezo. Dzira. Limodzi!"

"Limodzi m'mawa, limodzi masana, limodzi madzulo."

"Aa-aa!"

"Mlingo simunanene, ndiye ndinaika wa munthu wamkulu. Galimotoyi yadutsa zaka makumi atatu."

Injiniya anagwira msana wawo, umene unali utangochira kumene. Mtima unawawa ndithu. Vani imeneyi anaigula asanakwatire, ndipo kunena zoona ankaipukuta kawirikawiri kuposa mmene ankasambira eni ake.

"Inasiya liti kudontha?"

"Tsiku loyamba lomwelo."

"Ndiye munkapitiriziranji?"

Mlamu anawayang'ana mwachisoni, mmene ankayang'anira anthu a pamzere wa pawindo paja. "Khalidwe limenelo ndi limene likutha anthu. Munthu akangopezako bwino, basi, mankhwala pansi pa bedi. Matenda akamabwerera amabwera ndi abale ake. Ine wodwala wanga amamaliza."

"Imeneyi ndi galimoto, si azakhali anu!"

"Imatentha thupi?"

"Imatentha, koma..."

"Imatsokomola m'mawa?"

"Alamu!"

"Ndangofunsa."

Injiniya anawerenga pa zala. "Mazira makumi anayi ndi awiri! Mu rediyeta imodzi!"

"Makumi anayi ndi limodzi. Lamlungu ndinadumphitsa la masana, ndipo ukadumphitsa suwirikiza." Mlamu anapukusa mutu modziimba mlandu. "Mwina n'chifukwa chake yadwalanso."

"Zaka zonsezi boma limakulipirani mutu umenewu?"

"Palibe anabwerako kudzadandaula."

"Akanabwera bwanji atamaliza mankhwala anuwo!"

"Tiitane makaniko, alamu."

Apo ndiye anaponda pachilonda. "Makaniko! Uja anandiuza kuti ndigule rediyeta yatsopano, ndizithiramo madzi obiriwira a m'botolo? Madzi a pampopi analakwa chiyani? Ine galimoto iyi ndimaidziwa kuposa akazi anga."

"Achemwali amateronso."

Injiniya anangoti tsk, n'kukoka payipi yothirira maluwa. Anailowetsa pakamwa pa rediyeta n'kulamula kuti mpopi utsegulidwe.

"Pang'ono kapena wonse?"

"Wonse!"

Mlamu anatsegula wonse. Madzi anasowa kolowera, anabwerera onse pamalaya a Injiniya pamodzi ndi zidutswa za Lachitatu ndi Lachinayi. Katswiri wathu anaima chilili, dzira lili pa nsidze.

"Tsekani!"

Mlamu anatseka, kenako anagwada n'kusuzumira pansi pa galimoto. Anadzuka akumwetulira. "Koma taonani, pansi pa rediyeta pali gwa. Dontho ngakhale limodzi."

"Idontha bwanji madzi sakulowa!"

"Inu munadandaula za kudontha. Za kulowa simunanene."

Nthawi yomweyo kuseri kwa nyumba kunamveka wilibala ikulira kwii, kwii. Injiniya anasuzumira pakona. Akazi awo ankabwera mosapupuluma, mu wilibala muli njerwa zokhazikapo galimoto, jeke yoinyamulira, ndi mpukutu wa waya wa khola. Injiniya matama onse anathera pomwepo. Anagwira mlamu pamkono, mawu atatsika mpaka m'mimba.

"Alamu, inu ndi ine sitinayambanepo. Tinene kuti ndi batire. Batire silili m'pangano, pangano ndi kuwira. Za mazira musatchule, mwamva?"

"Ndisatchule kwa ndani?"

"Kwa achemwali anu, nanga ndani!"

Mlamu anavula magalasi, anawapukuta bwinobwino, n'kuwabwezera m'thumba.

"Nanga inu mukuyesa mazirawo ndinkawatenga kuti? Achemwali ndinawafotokozera zonse tsiku loyamba. Thireyi ya mazira itatha anandibweretsera ina okha, osapempha. Anati, 'Achimwene, wodwala ameneyu amalize mankhwala.'"