Maliro a Chipani cha Bambo William

Abusa, bwana wathu Mayi Regina, Bambo Yotamu ndi ana, anzanga a pantchito, ndakuonani nonse. Adzukulu obadwira kuno, ngati Chichewa chikuthamanga, mukafunse agogo m'galimoto.

Mayi Vainess, lero pamene mukupuma pa ntchito, ndikuululani.

Kunyumba yathu yosamalira okalamba kuno ku Hamilton tili ndi Bambo William, mzungu wa ku Ulaya. Ali kwawo anathandiza kuyambitsa chipani chofuna kuti dziko lawo lituluke mu EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya uja. Kachipani, abale. Mamembala onse akhoza kukwera basi imodzi, mipando n'kutsala. Chisankho chilichonse kamagwa chagada, mpando ndi umodzi womwe osaupeza. Kakagwa, bambowa ankanyanyala chakudya. Mankhwala a shuga osamwa. Adokotala mantha.

Chaka choyamba bambowa ali nafe, Mayi Vainess anawapeza maso ali pa TV, misozi ili chuchuchu. Mukuti anafunsa? Ayi! Anathamangira chitenje m'chikwama, anamanga m'chiuno, n'kukhala pansi penipeni pafupi ndi bedi. "Pepani bambo, Mulungu ndiye akudziwa." M'Chichewa, kwa mzungu! Anayambitsa ndi nyimbo ya maliro yomwe. Ine ndikulowa ndi thireyi, mtima phaa, watisiya ndani? Chatisiya ndi chipani!

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma Bambo William sanaseke. Anati chiyambire kugwa chipani chawo, palibe anawapepesapo, ana awo omwe amangowaseka. Tsiku limenelo anadya. Supu yense, mbale mbee.

Kuchokera pamenepo, chisankho chikafika, Mayi Vainess ankabwera ndi chitenje, kaya ali pa ofu, kaya kunja kuli sinowo. Ndale za ku Ulaya sazidziwa, ndipo anawauza bambowa maso ndi maso kuti munthu wotuluka pagulu samumvetsa. Koma kukhala ndi munthu pa chisoni chake, kumeneko ndiye kwawo. Mayi, mwatiphunzitsa ntchito. Zikomo. Ine ndidzakusowani, sindibisa.

Tsono chisankho china chili mwezi wamawa, ndipo kachipani kaja kadzagwanso, tonse tikudziwa. Ine nkhawa inandigwira. Dzulo ndinawafunsa Bambo William kuti tidzatani popanda inu. Anati, "Asiyeni apume. Ndidzadya."

Ndiye kuti ntchito mwaimaliza, mayi.

Kapumeni. Alamu muzimitse, muzidzuka dzuwa litakwera, amuna anu Bambo Yotamu azikuphikirani tiyi. Abale, tiimirire, tiwaombere m'manja mpaka atimve ku Toronto!