Mano Anga Akuda Sindiwabisanso

Moni abale ndi alongo. Ndine Yosefe, wa ku Madzimoyo kuno. Mukundidziwa kuti sindiyankhula pagulu. Koma lero ndiyankhula, ndipo sindiphimba pakamwa.

Kusukulu ya kumudzi, aphunzitsi ankatiyendera mano m'mawa uliwonse. Ine ndinkafuna andiyamike. Anzanga ankatsuka ndi mswachi basi. Ine ndinkapera njerwa yootcha, kusakaniza ndi phulusa, n'kumakwecha. Zaka zinayi, abale! Mano anayera mbee, aphunzitsi n'kumati, “Onani a Yosefe.”

Kenaka manowo anayamba kuyayamira. Madzi a mumtsuko ankandilasa ngati singano. Mphepo ya mu Juni ikalowa m'kamwa, misozi. Ndinasiya kwaya. Ndinasiya kuseka. Madzi ndinkayamba ndawaika padzuwa.

Amayi ananditumiza kwa amalume ku Kapata. Amalumewo amakonza njinga, ndipo amazulanso anthu mano ndi pulayazi yomweyo. Anandiyang'ana m'kamwa nati, “Muli mphutsi umu. Tichotsa asanu ndi limodzi a kutsogolowa. Khala pampandopo.”

Ndinakhala, abale. Chibadwire ndinali ndisanakanepo mawu a munthu wamkulu. Anapukuta pulayazi ija pa kabudula wawo. Ndinapemphera mumtima, “Ambuye, mano awa munandipatsa ndinu.” Ndiye ndinangomva pakamwa panga pakuti, “Iyayi, amalume.”

“Wati chiyani?”

“Ndati iyayi.”

“Ha! Kamwana ka mlongo wanga kameza Baibulo! Pita, udzabwera wekha ukukwawa.”

Ndinatuluka. Ndinapita kuchipatala cha mu Fort Jameson, n'kukhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Kumeneko bambo wina wothandiza dokotala anandifunsa chimene ndimatsukira. Nditawauza, anagwira mutu.

Anati, “Mwana wanga, mphutsi mulibe. Dzino lili ngati khoma lomata. Iwe wapala dothi lonse la pamwamba. M'kati muli timabowo tosaoneka, ndiye kuzizira kumadutsa mmenemo kukafika pamtsempha. Ndili ndi mankhwala otseka timabowoto. Koma amadetsa. Pamene ndipake padzada bii, ndipo sipadzayeranso. Ukufuna?”

Abale, ine amene ndinadziwononga pofuna mano oyera! Ndinati, “Pakani.”

Anapaka ndi kathonje m'mbali mwa nkhama. Sindikunamizani m'nyumba ya Mulungu: sizinathe tsiku limodzi. Ulendo woyamba ululu unangochepa. Ndinapitanso kachiwiri, kachitatu. Dzino limodzi ili la m'munsili limandikumbutsabe kukazizira, ndipo anandiuza kuti likavuta ndibwerere akapakenso, monga momwe timazirira nyumba kawirikawiri. Koma asanu aja ali zii.

Tsopano ena amanditcha Chimakala. Atsikana kuchitsime amaseka. Sekani! Amalume akuti azungu andipaka inki ya boma. Anene! Amene anazulidwa mano pampando wawo uja akudya chimanga chokazinga ndi chiyani? Ine ndikukukuta.

Zikomo Ambuye, amene munaika “iyayi” pakamwa pa munthu wamanyazi. Zikomo amayi, amene munandilandira osandikalipira. Njerwa ndinaisiya. Ndimatsuka ndi mswachi wofewa, pang'onopang'ono. Kwaya ndabwerera, ndimaima kutsogolo.

Amayi a Phiri, mwakhala pafupi ndi mtsukowo. Chonde nditungireni chikho chimodzi, ozizira kwambiriwo. Ndimwa pompano, inu nonse mukuona.