Makutu a Alamu Anga

Kalekale, phiri mukulionali lisanametedwe mpala chonchi, munthu ukaima pano m'chigwa cha Domasi n'kuyang'ana kumtunda unkaona mdima wa mitengo yokhayokha, ndipo mtsinjewu unkatsika ndi madzi oyera ozizira mano, osati matope amene akukwirira mpunga wathu masiku anowa. Khalani pansi anyamata, mvula iyi sikata msanga, ndipo matcheni a macheka anuwa sindinola mothamanga ayi, tupa ndi langa, manja ndi anganso. Iwe Chikondi, chotsa timawaya ta foni m'makutumo, nkhani imene ndikufuna kunenayi ndi ya makutu omwewo.

Ine ntchito ya matabwa ndinayamba ndi macheka a anthu awiri. Inu simunawaone. Tinkakumba dzenje, n'kugoneka chipika pamwamba pake, n'kulemba mizere ndi chingwe choviika m'makala osinja, ndipo wina ankaima pamwamba pa chipikacho, wina m'dzenje, kukoka ndi kubweza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wa m'dzenje ndiye ankadya utuchi, m'maso, m'kamwa, m'malaya monse. Wa m'dzenjeyo ndinali ine, zaka zambirimbiri, ndipo pamwamba pankaima alamu anga a Layisoni, amuna awo a achemwali anga a Esinati.

A Layisoni anali mkamwini m'mudzi mwathu. Kwawo kunali kutali, makolo awo anachokera ku Mozambique, ndipo kuno analibe munda wawowawo kupatula kadimba ka achemwali. Mukudziwa inu mmene pakamwa pa anthu pamayendera pa mkamwini. Akadwala masiku awiri, amati ndi waulesi. Akakhala pakhonde masana, amati anabwera kudzatha chimanga cha eni. Ndiye iwo ulemu wawo wonse unali m'phirimo, poti m'mawa uliwonse anthu ankawaona akukwera, madzulo n'kutsika ali mbuu ndi utuchi, ndipo panalibe woyerekeza kuwanena. Anali munthu wanthabwala zedi. Ankaweramira m'dzenje n'kumati, "Alamu, mukadali moyo mmenemo, kapena tingokwirira?" Ine n'kumati, "Kokani macheka inu, mkamwini salankhula pantchito." Tinkaseka, koma macheka osaima.

Pa macheka amenewo munthu unkamudziwa mnzako bwino lomwe. Akatopa unkamva m'manja mwako iye asananene. Ndipo m'nkhalango monse munali phee, moti mtengo ukamagwa wodula ankafuula kamodzi kokha, anthu a kutsidya kwa khwawa n'kuyankha. Chipika chikakodwa pa chitsa pochigubuduza, tinkathamangira ndi mitengo yokanulira, n'kuchitukula pamodzi. Chimenecho chinali chizolowezi cholowa m'magazi: chipika chakodwa, thamanga ukachikanule. Musaiwale chizolowezi chimenechi.

Kenaka kunabwera kampani ina kudzadula paini kumtunda kuja. Dzina lake silikuthandizani, inatha kalekale. Inabwera ndi macheka a injini ngati anuwa, ndiponso chithalakitala chachikulu chokoka zipika, chimene ankachitcha sikida. Kumbuyo kwake chinali ndi gudumu lokulunga chingwe cha waya, chonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. Chinkaima pamsewu kumtunda, anthu n'kutsika ndi chingwecho kukamanga zipika kumunsi, akamanga n'kupatuka, n'kukweza dzanja, ndipo dalaivala ankayamba kukulunga, zipika n'kumakwera phiri zokha zikulima nthaka. Ntchito imene ife tinkagwira mwezi, icho chinkamaliza lisanafike dzuwa pamutu. Matabwa athu a m'dzenje anasowa wogula, ndipo tonse awiri tinapita kukalembedwa.

Poyamba tonse anatipatsa macheka a injini. Zotseka m'makutu zinalipo zochepa, zinathera kwa akuluakulu, enafe tinkangofwanyika thonje kapena kansanza, ndipo a Layisoni ngakhale thonjelo ankalikana, ati limawayabwa. Madzulo tikamatsika m'mutu munkalira nyenje. Kwa ine nyenjezo zinkaleka ndikagona. Kwa iwo sizinaleke.

Ndinayamba kuona pang'onopang'ono. Ndikanena nthabwala, ankaseka mochedwa, atayamba aona kaye pakamwa panga. Kutchalitchi, munthu amene ankayambitsa nyimbo bwinobwino anayamba kuthamangira kutsogolo kwa anzake, mpaka anangosiya, ati chifuwa. Tsiku lina tikutsika ndinatsalira m'mbuyo dala, n'kuwaitana ndi mawu onse, "Alamu! A Layisoni!" Anangopitirira, chikwanje paphewa. Ndinamva chisoni chachikulu, anyamata, moti ndinaima kaye panjirapo.

Nditawapeza ndinawagwira mkono, n'kuwayang'ana kumaso kuti aone milomo yanga. Ndinati, "Alamu, makutu anuwa atha."

Anakhala pa mwala. Anati, "Ndikudziwa. Lakumanzereli linafa chaka chatha, linali likutsatira."

"Ndiye tikamuuze kapitawo."

"Kuti anditani? Andibweze kumudzi? Ndizikakhala pakhonde la achemwali anu, ana akundilozera kuti agonthi aja? Alamu, inu ndinu mwini mbumba, ana angawa ndi anu. Mukufuna azidya chiyani? Musandivule pagulu, chonde."

Munthu wamkulu kundipempha ine choncho, maso ali pansi. Ndinavomera. Akuluakulu anati chisoni chinapha nkhwali, ndipo mwambiwo ndinkaudziwa bwino lomwe tsiku limenelo, koma ndinavomera.

Nthawi imeneyo anali atawachotsa kale pa macheka, poti mapewa anali atayamba kuvuta, n'kuwaika kumanga zipika pa chingwe cha sikida. Ntchito imeneyo, mvetsetsani, ndi ya makutu. Chipika chikakodwa pa chitsa, chingwe chimakungika mpaka kulira, ndipo dalaivala ankaimba hutala katatu, kutanthauza kuti aliyense athawire kutali, chifukwa waya akaduka amakwapula chilichonse chimene wapeza. Ndiye tinapangana nzeru yathu. Ine ndinkadula ndi kusadza mitengo pafupi ndi iwo nthawi zonse, m'thumba mutadzaza makungwa a paini. Hutala ikalira, kapena wina akafuula, ndinkawagenda ndi khungwa pamsana, iwo n'kudumphira kumbali osatembenuka n'komwe. Anzathu ankangoti ndi chipongwe cha pachilamu, ankaseka. Ngakhale a Layisoni ankaseka nawo, n'kumati, "Mwaona nkhanza za eni mudzi?" Tinayenda choncho dzinja lathunthu, chilimwe, mpaka dzinja lina, ndipo ine ndinayamba kudzitama mumtima kuti ndine wochenjera.

Lero inu muli ndi mafoni, mumaimbirana muli mbali ziwiri za phiri, koma makinawo akalira foni simuimva, ndipo ndimakuonani mukudula anthu atatu malo amodzi, wina osadziwa kumene mnzake waima. Palibe chasintha. Mitengo yokha ndiyo yachepa.

Tsiku limenelo kunali chifunga m'mawa, ndi kamvula kowaza ngati aka. Mnzathu wina wodula sanabwere, mwana wake anadwala. Kapitawo anatisonkhanitsa pamsewu n'kunena kuti, "A Jemusi, lero inu mukadule kutsidya kwa khwawa, kuli mitengo yotsala." Jemusi ndine. Kapitawoyo sanali munthu woipa ayi, ndisamunamizire. Anaona kuti ndazengereza, ndipo anandifunsa, "Pali chovuta?"

Ndinayang'ana alamu. Iwo sanamve zimene zanenedwa, koma anaona dzanja la kapitawo likuloza kutsidya, anaona nkhope yanga, ndipo anazindikira. Anapukusa mutu pang'ono chabe, kundiletsa. Anthu onse anali pomwepo, anyamata ang'onoang'ono omwe, ndipo kuti ndinene chifukwa chake ndikananena pamaso pa onsewo.

Kapitawo anafunsanso, "A Jemusi, ndati pali chovuta?"

Ndinati, "Palibe, bwana."

Mawu awiri amenewo. Ndinanyamula macheka anga n'kuwoloka, ndikudziuza kuti ndi tsiku limodzi lokha, kuti munthu wagwira ntchitoyi nthawi yaitali, maso ali nawo.

Chakumasana chifunga chinayera, ndipo kuchokera kutsidyako ndinkawaona bwinobwino, ngati apo pali mpanda wa sukulupo. Anamanga zipika ziwiri, anapatuka, anakweza dzanja. Chingwe chinayamba kukoka. Zipikazo zitakwera pang'ono, chimodzi chinalowa mutu pansi pa chitsa n'kukanirira. Ndinazimitsa macheka. Ndinamva injini ya sikida ikubuula, ndinamva hutala, kamodzi, kawiri, katatu, ndipo anthu onse anabalalika. Koma a Layisoni anali atapereka msana kumtunda. Anaona chipika chakodwa, ndipo manja awo anachita zimene anazolowera kuyambira unyamata. Anatola mtengo wokanulira n'kupita pachipikapo.

Dalaivala ankaganiza kuti amva, poti masiku onse ankadumpha pa nthawi yake. Anthu anafuula. Ine ndinafuula mpaka kukhosi kunang'ambika, ndikudziwa kuti n'zachabe. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa khungwa, ndinaponya ndi mphamvu zanga zonse. Linagwera m'khwawa, m'madzi. Ndinaponya lachiwiri. Pamene dalaivala amati aleke kukoka, waya anaduka.

Sindikuuzani mmene ndinawapezera. Ena mwa inu mwangodya kumene. Tinawanyamula pa machira a mitengo ndi malaya athu, ndipo tisanafike pamsewu pamene panali lole anali atatisiya. Dalaivala uja, mwana wa eni, ankangolira akubwereza, "Ndinaimba hutala, nonse munamva, ndinaimba!" Ndipo kapitawo ankangoti, "Munthu wamkulu ngati ameneyu, bwanji sanathawe?" Ine ndinali pomwepo, nditagwira mwendo wa machira, ndipo za makutu awo sindinaulule. Mnyamatayo anasiya ntchito sabata yomweyo, sanagwirenso chiwongolero, ndipo anthu ena mpaka lero amati anapha munthu. Limenelonso ndi tchimo langa.

Maliro anayenda monga mwa mwambo. Ine monga mwini mbumba ndinaima kulandira abale awo ochokera kutali, ndinalankhula mawu a banja, ndinati ngozi siona nkhope, ndipo anthu anagwedeza mitu. Zonsezo ndinapirira. Chimene sindinachipirire chinabwera patapita masabata, anthu atabalalika, titameta kale.

Ndinapeza achemwali akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pa mtondo wogona. Sanandiyang'ane, anangoti, "Achimwene, bambo a ana awa sankamva. Ine ndinkadziwa."

Ndinati, "Munkadziwa?"

"Mwamuna wanga ndingalephere kumudziwa? Ndinkachita kuwagwira phewa kuti atembenuke. Anandiuza za makungwa anu aja, akuseka. Ndiye m'mawa uliwonse akamakwera ine mtima unkakhala m'malo, ndinkati makutu awo ali ndi achimwene." Anapeta kawiri, katatu. "Tsiku limene lija munali kuti?"

"Kutsidya kwa khwawa."

"Anakutumaniko ndani?"

"Kapitawo."

"Munamuuza?"

Ndinangoyang'ana nkhuku zimene zinkatola mankhusu. Iwo anadikira, ndipo ataona kuti palibe chimene chituluke, anathira mpunga m'dengu n'kutapanso wina. Sanatukwane, sanalire, sanauze munthu. Anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ankandipatsa moni, ankanditumizira ndiwo mkazi wanga akadwala, ana awo ndinawalera mpaka anakula. Koma funso limenelo sanalibwerezenso, ndipo ine sindinaliyankhe mpaka tinawaika m'manda. Akananditukwana, mwina ndikanapepukidwa.

Nkhani imeneyi ndinkaisunga, ndipo ndayamba kuinena tsopano poti amene ikanawapweteka anapita. Sindikukuuzani kuti musiye ntchito, ana anga, ndikudziwa kuti kumunda kokha sikukukwanira, ngakhale mtima umandiwawa ndikaona mukutsitsa timitengo tosakhwima tomwe. Ndikungoti m'gulu mwanumo mumadziwana. Mukudziwa amene diso lake layamba kuchita khungu, amene amagwa khunyu mwakamodzikamodzi, amene amakwera phiri atalawa kachasu kuti athamangitse kuzizira. Mumabisirana poti ndi mnzanu, ndi mlamu wanu, ali ndi ana, ndipo mumati ndizimuyang'anira ine. Inenso ndinkatero. Koma tsiku lina adzakutumani kutsidya.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Mnzanu woteroyo kambani naye mofatsa, pambali, mwaulemu wake, ndipo akakana pitani kwa amene akuyendetsa ntchitoyo mukanene, amupatse ina yapansi, kaya kuyala matabwa, kaya kunola. Adzakwiya, inde. Adzati mwamuvula, mwina osakulankhulani chaka chathunthu, mukakumana pa msika ku Songani n'kumayang'ana kumbali. Zilekeni zitero. A Layisoni akanandida ine, mwina mpaka lero, koma bwenzi akundida ali pakhonde pawo, akusenda chinangwa, adzukulu akuwakwera pamsana.