Mabotolo a Zingwe pa Chigayo cha ku Benga

Ine, Safiya Paison, wa zaka pafupifupi 70 (pa njala ya 49 n'kuti ndili ndi mwana kumbuyo), wa m'mudzi mwa Maliko ku Benga, mwini chigayo, ndikuti inu apolisi mwatsekera munthu wosalakwa. A Zaidi, akamwini anga, sanamenye munthu.

Chilowereni matipate, dizilo wakwera mtengo. A Zaidi, amene amayendetsa injini ya chigayo changa, anayamba kuyesa kusakaniza dizilo, palafini ndi mafuta a nsatsi, botolo lililonse muyeso wake. Amadontheza pa kansalu n'kuyatsa kuti aone utsi. Mabotolo ena amawamiza mu mtsuko wa madzi kuti aone mafuta amene angalimbe kukazizira. Ine kusukulu sindinapondeko, ndiye m'malo molemba anamanga zingwe m'makosi mwa mabotolo: mfundo imodzi, nsatsi pang'ono, zitatu, zambiri. Nsatsizo ndinasinja ndine.

Lachiwiri m'mawa kunabwera Feston, mwini chigayo cha kutsidya kwa msewu. Ndinali pakhonde, mtunda ngati apa ndi pakhomo paja. Anasuzumira mu mtsuko, kuona zingwezo n'kukuwa: "Bwerani muone zithumwa! N'chifukwa chake anthu athawa kwanga!"

Ndinati: "Feston, ndinakuona ukukwawa wopanda kabudula. Chithumwa chimanunkha palafini?"

Feston anagubuduza mtsuko ndi phazi. Mabotolo anasweka pa simenti, mafuta n'kuyenderera. Potembenuka anaterereka, chipumi n'kugunda pa sikelo. A Zaidi anali kuseri kwa injini, akumanga lamba. Anathamanga, anavula malaya awo n'kumanga pabalapo. Magazi mwaona pa malayawo ndi amenewo. Anthu anafika a Zaidi atamugwira mutu, ndiye anati amumenya. Amene anamukweza pa njinga kupita naye kuchipatala ndi a Zaidi omwewo, ndipo munakawagwira komweko.

Wapolisi wanu akuti ndikuikira kumbuyo akamwini. Masowa ndi anga, sindinabwereke kwa munthu. Za mabotolo sindikudandaula, nsatsi ndisinja zina. Koma chigayo chaima, ndipo mwana wanga Mwajuma, mkazi wa a Zaidi, ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi. Feston abwere pano lero ndi bandeji yakeyo, anene pamaso panga amene anamumenya ngati si sikelo yanga. Pa benchi pano sindichoka mpaka a Zaidi atuluke.

Chidindo cha chala: Safiya Paison