Dzina Limene Sindinalembe

Kale, tchalitchi chathu cha kuno ku Nsaru chikadali chofolera ndi udzu, pa bwalo la mpingo panakhala anthu awa: Abusa Kamtedza pa mpando, akulu ena a mpingo, mayi Nabanda, mkazi wamasiye, woimbidwa mlandu, ndi ine, Yosefe Chadza, mkulu wa mpingo ndiponso wosunga kaundula, wodandaula. Munthu amene mlanduwo unayambira, bambo Makwinja, panalibe, pakuti anali chigonere m'kanyumba ka udzu ku esiteti ya fodya, kutsidya kwa dambo.

Ikani mafoni m'thumba, ana inu. Mwabwera kudzandipempherera chifukwa dzina langa lafika pa mndandanda wa odwala mwezi uno, ndipo sindikudandaula, pakuti mndandandawo ndinauyambitsa ndine. Koma musanayambe kuyang'ana nthawi, mverani.

Ife ku sukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti ntchito ya Mulungu imayenda ndi dongosolo, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira zimenezo. Belu likalira chitseko chinkatsekedwa, osati zamasiku anozi zoti munthu alowa ulaliki uli pakati, nsapato zikulira. Odwala tinkawayendera Lachinayi, mudzi ndi mudzi, monga mwa kaundula, ndipo m'kaundulamo simunkalowa dzina la mlendo wopanda kalata ya ku mpingo wakwawo.

A Makwinja anali tenanti wochokera ku Mulanje. Ankakhala pa benchi yakumbuyo, chipewa pabondo, ndipo nyimbo zonse ankaziimba pamtima. Tsiku lina tikutuluka anandiimitsa pakhomo, akutsokomola.

"Akulu, chifuwachi chandigwira zolimba. Mukamayendera odwala mudzapondeko kwathu."

"Kalata ya ku mpingo wanu munabwera nayo?"

"Inanyowa pa lole, akulu. Ndalembera kumudzi kuti atumize ina."

"Ikafika mudzalowa m'kaundula."

Anavala chipewa chawo, nathokoza. Inde, anandithokoza.

Kuyambira pamenepo benchi yakumbuyo inakhala yopanda munthu, koma chimene ine ndinaona ndi malo a mayi Nabanda ku mbali ya amayi. Milungu isanu ndi umodzi sanaoneke m'tchalitchi, ndipo Lamulungu lililonse ndinkachonga. Nditafufuza ndinamva kuti amapita ku esiteti, kwa a Makwinja, mwamuna amene mkazi wake anabwerera kumudzi ndi ana mvula isanayambe. Mgonero unali pafupi, ndipo mayiwa chibatizidwire anali asanauphonyepo. Ndinawatengera ku bwalo kuti awaimike kudya Mgonero.

Linali Loweruka. Abusa anafunsa mofatsa: "A Nabanda, Lamulungu mumakhala kuti?"

"Kudambo, Abusa, ndi ndowa."

"Masiku ena onsewa madzi satungika kodi?"

"Kapitawo salola alendo masiku a ntchito. Lamulungu m'mawa amapita kumowa, ndiye ine ndimalowa. Ndimatunga, ndimachapa, ndimasiya phala."

Ndinaimirira, ndinawerenga lamulo la kujomba, ndipo ndinaonjezera kuti si bwino mkazi wamasiye kumalowa m'nyumba ya mwamuna amene si m'bale wake. Mayi aja anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"A Chadza, mwamuna wake uti? Munthu ndimachita kumutembenuza ngati khanda. Pitani mukamuone, mudzandiuze ngati alipo wina woti n'kundichitira nsanje."

Akulu ena anaseka chakumbali, koma ine sindinaseke. Abusa anafunsanso: "Mumapemphera nawo?"

"Amapemphera ndi eni akewo, Abusa, ine ndimangovomera ameni. Amatchula akulu onse mayina, ndi a Chadza omwe. Amati ndi munthu wachilungamo, kalata ikangofika abwera, eti."

Ana inu, pamenepo ndinangoyang'ana chikuto cha kaundula.

Masiku ano mumatumizirana mapemphero pa foni, ndipo mumati mwayendera wodwala. Ine foni ndilibe. Mayi a kunyumba anatsogola, ana ali kutauni, anzanga a pa bwalo lija onse anagona, ndipo ndikakhala pakhonde pano ndimawerenga njinga zodutsa mumsewu, kuyembekeza kuti mwina ina ikhotera kuno. Pakati pa mwezi wanu uno ndi mwezi umene dzina langa lidzafikenso, masiku ndi ambiri, ndipo ndowa yanga ndimaikoka ndekha kuchokera ku mjigo. Sindikuti tayani mndandanda, ayi, sungani, ndipo muzisunganso nthawi. Koma mukamatuluka m'tchalitchi muziyang'anako benchi yakumbuyo, ndipo amene mwamusowa musadikire kuti wina akuuzeni tsiku lake.

Chigamulo chinali chotere. Abusa anati lamulo ndi lamulo, mayi Nabanda aphonye Mgonero umodzi, ndipo abwerere ku mapemphero. Koma anatinso ndowa ija isagone, aitenge mkulu wosunga kaundula, akapemphe yekha chilolezo kwa kapitawo, ndipo dzina la a Makwinja alilembe ndi dzanja lake, kalata ilipo kapena palibe.

Ndinati ndamva. Koma mumtima ndinati odwala tsiku lawo ndi Lachinayi, ndipo ndidzapita Lachinayi, dzina ndidzalembera komweko. A Makwinja anamwalira Lachiwiri, ndipo anzawo a ku esiteti anawaika Lachitatu, popanda nyimbo. Kalata inafika fodya atagulitsidwa kale, yopindidwa bwino, ya chidindo, yonena kuti munthuyu ndi Mkhristu wokhazikika, mumulandire. Ili m'Baibulo langa umo, mukafuna muione.

Akulu a mpingo anavomera chigamulo Loweruka lomwelo. Mayi Nabanda anavomera atagwada, ndipo pa Mgonero anakhala kumbuyo, pa benchi ya a Makwinja, manja ali pamiyendo, mbale ikuwadutsa. Wonyamula mbaleyo ndinali ine. Ine ndinavomera ndi pakamwa pokha, ndipo kuvomera kwenikweni ndavomerera pakhonde pano, tsopano pamene kulibenso woti ndikamutungire madzi aja.