Lipisitiki ya Thiraki

Pamsika wa Nakoli, mwamuna wina wa manja a girisi ankasankha lipisitiki patebulo la mayi wina wogulitsa zodzola.

"Ni ya madamu, ba bosi?"

"Ya thiraki, amai! Nimapaka pa mano ya piniyoni, kagiya ka mu difu yoyendetsa mawilo ya kumbuyo, nazungulitsa. Kufiira kukagwira pakati pa dzino, ninshi yakhala bwino. Kukagwira kumapeto, nichinja mashimu, tizitsulo tosendezera mano. Nakonza mathiraki kuchoka ku Nakonde mpaka ku Beira, palibe inabwerako ikulira!"

"Thiraki ya a Fidelis Musonda munaigwirako?"

"Pa Mande. Ananithandiza kupaka."

"Mayo ine! Ni amuna anga. Nawapitikitsa panyumba chifukwa cha zofiira pa shati!"

"Tsekani katebulo, tikawatenge. Difu ya matani sate sinanikanike, nanga ukwati?"