Ndadikira Basi

Pa siteji pamene kale panali mtengo wamthunzi, pano pali chikwangwani chotsatsa mafoni, mayi wina ankang'ung'udza kanyimbo. Mnyamata wa gitala kumsana anasiya kukanda foni n'kutchera khutu.

"Pepani mayi, nyimbo imeneyo mwaimvera kuti?"

"Kusaluni. Anabwera nayo mlamu wanga pa foni, iyenso anamutumizira kondakitala. Pano aliyense akachedwa pa siteji akumadzijambula akuimba 'Ndadikira basi,' n'kuponya pa intaneti."

"Komatu si basi yokwera. Ndi nyimbo yachikondi. 'Ndadikira, basi!' Kutanthauza kuti ndatopa, zakwana."

"Iii achimwene, mukudziwa kuposa tauni yonse?"

"Ndinaimba ndine."

"Inuyo? Ndi nsapato zimenezo?"

"Ineyo. Yakhala miyezi itatu pa intaneti, oimvera ndine ndi mlongo wanga. Bambo anena kuti ikapanda kumveka mwezi uno, ndigulitse gitalayu, ndibwerere kowotcherera zitseko."

"Ndiye mukufuna kukonza chiyani? Wosiyidwa ndi chibwenzi amalira yekha kuchipinda. Wodikira basi amadandaula pagulu, foni ili m'manja. Mtsikana wanuyo anaitumizirako munthu?"

"Ayi. Anandibuloka."

"Mwaonatu."

Minibasi inatulukira pakona, sipika ikung'ambika ndi mawu a mnyamatayo, okwera akuvomera. Iye anakweza foni m'mwamba n'kuyamba kujambula.

"Mukutumizira mtsikana uja?" anafunsa mayiwo.

"Ayi, bambo anga. Ndipo mayi, ndakumbuka bwino tsopano. Ndinkaimbira basi yokwera."